Musanapereke madola anu pa sipika ya Bluetooth

Agogo athu amene anachoka kwawo ku Nyasaland ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ya Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, kapena m'minda ya thonje ya kuno ku Kadoma ndi ku Chegutu, ankadziwa zoyamba kugula ndalama zikaunjikana: njinga, bulangete labwino ndi wailesi. Masiku amenewo Kadoma ankatchedwa Gatooma ndipo Chegutu anali Hartley, mayina amene anasintha mu 1982. Wailesi ya Supersonic, yopangidwa ku Bulawayo, inkakhala pamwamba pa kabati itafunditsidwa kansalu koluka, ndipo mwana sankaigwira popanda kuuzidwa. Munthu ankaigula kamodzi n'kukalamba nayo.

Lero wailesi ija yalowedwa m'malo ndi kabokosi kopanda nthambo kamene kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Mukapeza ku Rimuka pamalo ometera, ku Pfupajena pabenchi ya mayi wogulitsa tomato, ku Gadzema pafupi ndi maenje a anyamata okumba golide, ngakhalenso pakhonde la tchalitchi pamene kwaya ikuphunzira nyimbo yatsopano. Kuthimathima kwa magetsi kwaikulitsira ntchito. Chichepereni madzi ku Kariba kumapeto kwa 2022, kudzafika pa chilala cha 2024, mabanja ambiri akhala maola ochuluka mumdima wailesi yakanema ili duu, ndipo chotsala chikulankhula m'nyumba chimakhala sipika ya batire. Koma sipika ya masiku ano anthu saigula kamodzi. Amagula, imalira miyezi ingapo, imasasa mawu, batire limafa, n'kubwereranso kumsika. Ndalama zotayidwa pang'onopang'ono motere zikanakwana kugula chinthu chimodzi chokhalitsa.

Ine ndimakhulupirira kuti munthu wa m'thumba mochepa angathe kupeza sipika yomveka bwino. Chimene chimatisocheretsa ndi katoni, makamaka nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo kwake ndi zilembo zofiira: 500W, 1000W, mwinanso 2000W, pa kachinthu koti mwana angakanyamule ndi dzanja limodzi. Tiyambire pamenepo.

Mphamvu ya sipika imayezedwa ndi mawati, koma pali njira ziwiri zoilembera. Njira yoona ndi imene pambali pa nambala amalembapo RMS, ndipo imanena mphamvu imene sipikayo ingatulutse mosalekeza popanda mawu kuwonongeka. Njira inayo ndi ya PMPO, imene ilibe muyezo wogwirizanirana kulikonse, choncho wopanga amalemba nambala imene wakonda. Mungathe kuona nokha kuti nambalayi ndi yabodza mukawerengera batire. Masipika ambiri otchipa amayendera batire limodzi la mavoti 3.7 losunga pafupifupi 2000 mAh. Mphamvu yonse ya batire lotere ingakwane kuyatsa babu la mawati 7 kwa ola limodzi. Sipika ikanati idye mawati 1000 enieni, ngati mbale imodzi ya sitovu yamagetsi, batirelo likanatha pasanathe theka la mphindi. Makampani amene amasamala mbiri yawo amalemba manambala aang'ono popanda manyazi. JBL Go 3 ili ndi mawati 4.2, Anker Soundcore 2 ili ndi 12, ndipo JBL Flip 6, imene imadzaza chipinda bwinobwino, ili ndi 30.

Ngakhale mawati enieniwo sanena zonse. Mukawirikiza kawiri mphamvu, phokoso limangokwera ndi madesibelo 3, kusintha kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti munthu amve kuti nyimbo yakwera kawiri, pamafunika mphamvu yowirikiza pafupifupi kakhumi. Choncho pakati pa sipika ya mawati 10 ndi ina ya 15 palibe chifukwa chokwanira chowonjezerera ndalama. Kusiyana kwenikweni kuli m'kati: kukula kwa kambale kamene kamanjenjemera, kulemera kwa maginito ali kumbuyo kwake, ndi kulimba kwa bokosi.

Apa ndi pamene pali nkhani ya besi, imene ambiri a ife timaifunsa poyamba. Mawu ndi mpweya umene ukukankhidwa. Mawu okwera, ngati a wenzulo, amafuna mpweya wochepa wokankhidwa mofulumira. Mawu otsika amafuna mpweya wambiri. Aliyense amene anaimapo pabwalo la gule wamkulu amadziwa kuti kang'oma kakang'ono kamalira mokweza n'kupyoza m'makutu, pamene ng'oma yaikulu ndi imene imagunda m'chifuwa, ndipo palibe woimba angachititse kakang'onoko kulira ngati yaikuluyo ngakhale atamenya mpaka manja kutupa. Sipika nayo ili chimodzimodzi. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz kufika pa 20,000 Hz. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi imalira pa 41 Hz. Koma opanga JBL Go 3 amanena okha kuti kasipika kawoko kamayambira pa 110 Hz, ndipo Flip 6 imayambira pa 63 Hz. Ngati masipika a dzina lodziwika amalekezera pamenepo, ya madola ochepa ya kukula komweko singafike pansi kuwaposa, kaya pakatoni alembapo zotani.

Izi zisakufooketseni, chifukwa nyimbo zambiri zimene timakonda sizidalira mawu apansi zedi amenewo. Taganizani za besi ya sungura ya Alick Macheso, kuyambira ali ku Khiama Boys limodzi ndi Nicholas Zakaria mpaka ku Orchestra Mberikwazvo. Besi imeneyo imathamanga, imakwera, imayankhana ndi magitala ena ngati munthu wocheza. Kukoma kwake kuli poti liwu lililonse limveke palokha, limodzi litha lina liyambe. Sipika yaing'ono yopangidwa bwino imatha kuchita zimenezi. Yopangidwa mwachinyengo imachita zosiyana: opanga ake amakweza dala kachigawo kamodzi ka mawu otsika kuti mukaimva m'shopu muziti ili ndi besi, koma chimene chimatuluka ndi mdidi umodzimodzi wongoti du du du, kaya woimba wagwira nsambo iti. Mdidi umenewu umameza mawu a oimba, ndipo pakatha ola mutu umalemera. Okonda amapiano, amene kugunda kwake kumakhaladi pansi kwambiri, ayenera kungovomereza kuti nyimbo zawo zimafuna bokosi lalikulu, ndipo bokosi lalikulu labwino limafuna ndalama.

Pali nzeru imodzi imene imathandiza masipika aang'ono. M'mbali mwa ambiri a iwo muli timbale tofewa topanda waya aliyense, timene timanjenjemera chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'bokosimo n'kuwonjezera mawu otsika. Nyimbo ikamalira, yang'anani timbaleti. Tikamagwedezeka mooneka, ndiye kuti bokosi ndi lotsekedwa bwino ndipo tikugwira ntchito. Tikangokhala chete, ndi tokongoletsera chabe kapena mpweya ukuthawira pena. Besi ina mungaipeze kwaulere kunyumba: sipika yomweyo mukaiika pafupi ndi khoma, makamaka pakona, imamveka yonenepa kuposa ili pakati pa chipinda. Panja zinthu zimatembenuka. Kulibe khoma lobweza mawu, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo 6. N'chifukwa chake sipika imene inakusangalatsani m'kashopu kothina imamveka yowonda mukafika nayo kudimba.

Chimene ine ndimaika patsogolo pa besi ndi mawu a munthu. Tawerengani zimene sipika ya pakhomo imalira pa sabata: nyimbo za kwaya, ulaliki, kuwerenga kwa Qur'an m'mabanja a Chiyao, nkhani za pawailesi, mpira, ndi uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wochokera kwa achibale a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg umene banja lonse limasonkhana kuti limve. Zonsezi zili pakatikati pa mawu, pamene ngakhale kasipika kakang'ono kamafika mosavuta. Ngati agogo akumva uthenga wa mdzukulu wawo popanda kupempha kuti ubwerezedwe, ngati mukutha kusiyanitsa amayi oimba mokweza ndi abambo oimba motsika m'kwaya, sipikayo ndi yabwino. Nyimbo za malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu June 2024, mphamvu yake ili m'mawu; sipika yobisa mawuwo kuseri kwa mdidi yakuberani chimene munaigulira.

Tsono poyesa, musalole wogulitsa kukusankhirani nyimbo. Iye amadziwa nyimbo imene imakometsa katundu wake, ndipo amaiyatsa voliyumu ili pamapeto, pakati pa phokoso la msika, pamene chilichonse chokweza chimamveka champhamvu. Nyamulani foni yanu muli zinthu zitatu zimene khutu lanu linazizolowera: nyimbo ya sungura, nyimbo ya kwaya kapena ina ya mawu ambiri, ndi munthu wongolankhula. Zikhale zojambulidwa bwino, chifukwa nyimbo yochotsedwa pa kavidiyo kamene kadutsa m'mafoni ambiri imamveka moipa pa sipika iliyonse. Yambani voliyumu ili pakati, pamene mudzamvera masiku ambiri. Mvetserani ngati mawu akumveka bwino pamenepo. Sipika zina zimadzuka pokhapokha zikakwezedwa, ndipo zoterozo n'zosathandiza usiku ana akagona. Kenako kwezani pang'onopang'ono. Penapake mawu ayamba kung'ambika, kapena besi izimiririka, kapena pulasitiki iyamba kulira payokha. Pamene zayambira izi ndiye polekezera penipeni pa sipikayo. Zikayamba mutangodutsa theka, isiyeni.

Igwireni m'manja ikulira. Yabwino imalemera kuposa mmene ikuonekera, chifukwa maginito abwino ndi batire lenileni n'zolemera. Igwedezeni pafupi ndi khutu. M'kati musamveke chogubuduka. Tulukani panja ndi foni yanu kuyenda mamita 10, mtunda umene Bluetooth wamba amafika popanda chotchinga, muone ngati nyimbo ikudukaduka. Ngati mumaonera mafilimu pafoni, yatsani kavidiyo ka munthu wolankhula muone ngati milomo ndi mawu zikuyendera limodzi. Ndipo poyerekeza masipika awiri, yesetsani kuti onse alire mofanana kukwera kwake, chifukwa khutu limakondera yokweza nthawi zonse ngakhale ili yoipa. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, ndipo wogulitsa wokhulupirira katundu wake sadandaula nazo.

Za manambala a Bluetooth musavutike nazo kwambiri. Bluetooth 5.0 anatuluka mu 2016, ndipo chilichonse kuyambira pamenepo chimagwira bwino. Nambala yokwererapo ingathandize kulumikizana mosaduka ndi kusunga batire, koma sikometsa mawu a kambale kakang'ono. Ndalama imene mukanawonjezera pa nambalayo ipite ku batire.

Batire ndi limene limafa poyamba, ndipo bodza la pakatoni limabwereranso apa. Masipika ambiri ali ndi mabatire a lithium otchedwa 18650, ooneka ngati chala chachikulu, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Abwino zedi a mtundu umenewu, ochokera ku makampani akuluakulu, amasunga pafupifupi 3500 mAh. Mukaona limodzi lalembedwa 9900 mAh dziwani kuti ndi bodza lamkunkhuniza. Maola olembedwa pakatoni, ngakhale ndi makampani oona mtima, amayezedwa voliyumu ili chapakati. Mukamaliza mokweza, maolawo amatsika kwambiri, ndipo timagetsi tamitundumitundu tothwanima timadyanso gawo lake. Sankhani sipika yoti timagetsito tingathe kuzimitsidwa. Batire la lithium limayamba kufooka likatchajidwa maulendo pakati pa 300 ndi 500, kutanthauza kuti wotchaja tsiku ndi tsiku adzaona kusintha m'chaka chachiwiri. Chimene chimalipha msanga ndi kutentha. M'mwezi wa October kuno, sipika yosiyidwa padzuwa pagalasi lakutsogolo la kombi, kapena pawindo la nyumba yamalata, imakalamba mofulumira. Mukaona bokosi latupa kapena likutentha modabwitsa potchaja, lekani kuligwiritsa ntchito, chifukwa batire lotupa limatha kuyaka. Musamatchaje sipika pamatiresi kapena pansi pa pilo, makamaka usiku pamene mwaisiya pasoketi kudikira kuti magetsi abwere anthu ali m'tulo.

Yang'ananinso polowetsa tchaja. Kabowo ka mtundu wakale ka micro-USB kamakhwepa msanga, ndipo masipika ambiri amene ali m'madirowa a anthu sanafe mawu ayi, anangothyoka potchajira. Ka USB-C, kamene nthambo imalowa mbali iliyonse, n'kolimbirapo, ndipo tchaja yake ndi yomweyo ya mafoni atsopano. Sipika yotchajira pa USB mungaidzaze ndi sola yaing'ono kapena pawabanki, chinthu chofunika kwa wokhala ku pulazi kapena ku komboni ya mgodi kumene magetsi sadziwika nthawi yobwera. Ndimakondanso sipika yomangidwa ndi masikuluwu kuposa yomatidwa ndi guluu. Anyamata okonza mafoni m'tauni amatha kuitsegula n'kuikamo batire lina pamtengo wochepa, sipikayo n'kukhalanso zaka zina.

Tsopano nkhani imene imandipweteka mtima, ya katundu wa feki. Dzina limene limaberedwa kwambiri ndi JBL, la kampani ya Harman imene Samsung inaigula mu 2017. Mupeza timasipika tooneka ndendende ngati Charge kapena Flip, chizindikiro chake chomwecho, tikugulitsidwa pamtengo wosafika ndi theka lomwe. Kutizindikira n'kosavuta. JBL yeniyeni ya mtundu wa Go, Flip kapena Charge ilibe wailesi ya FM ndipo ilibe polowetsa memole khadi. Ikakhala nazo, ndi feki. Yeniyeni mukaiyatsa imangolira kaliwu kafupi, pamene ya feki nthawi zambiri mumatuluka mawu a mzimayi wolengeza m'Chingelezi kuti yakonzeka kulumikizidwa. Flip ndi Charge zatsopano zimaonekanso pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa JBL Portable, imene ya feki siizindikira. Anthu kuno amangoti zhing-zhong ngati kuti vuto ndi dziko la China, koma masipika ambiri enieni a mayina otchuka amapangidwanso komweko. Vuto ndi lakuti amene wanama dzina alibe mbiri yoti aiteteze. Sadzayankha kwa wina aliyense, choncho palibe chomuletsa kuikamo batire lotsalira ndi maginito opepuka. Gawo lina la ndalama zanu mumalipira zilembo zitatu zakuba.

Chifukwa chake ndimati kuli bwino kugula sipika ya dzina laling'ono koma lake lenileni. Oraimo, mwachitsanzo, ndi ya kampani ya Transsion, yomwe imapanganso mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix amene ali m'matumba mwa ambiri a ife, ndipo inakhazikika pa misika ya mu Africa. Anker, ndi masipika ake a Soundcore, inatchuka chifukwa chopereka batire lokhalitsa pamtengo wapakati. Soundcore 2 amailembera maola 24. Sindikunena kuti chilichonse cha mayina amenewa n'chabwino, ndipo nawonso amaberedwa dzina, choncho kuyesa ndi khutu sikuchoka. Koma kampani yolemba dzina lake pa katundu imadziwa kuti ikakukhumudwitsani simudzabweranso.

Pali chinanso chimene olemba za masipika a kumayiko olemera sachiganizira. Kwa iwo polowetsa memole khadi, fulashi ndi wailesi ya FM ndi zinthu zachikale. Kwa ife ndi zofunika. Mabandulo a intaneti ndi odula, ndipo kuliza nyimbo pa Bluetooth kumatha batire la foni limene mukulisungira zinthu zina pa tsiku lopanda magetsi. Foni ikaitana nyimbo imaduka. Mwini foni akapita kuntchito nyumba imakhala zii. Sipika yowerenga memole khadi imaimba yokha, ndipo agogo opanda foni yamakono amangodina batani limodzi. Wailesi nayo ndi yamtengo wapatali: Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amazivomereza, ndipo National FM ya ZBC imaulutsa mapulogalamu ena m'chilankhulo chathu. Choncho kwa banja lambiri la kuno, ngakhale JBL yeniyeni ingakhale yosayenera, pamene sipika yotchipirapo ya dzina loona, yokhala ndi zonsezi, ingatumikire bwino. Ingoyesani wailesiyo muli pomwepo. Pa masipika ambiri nthambo yotchajira ndi imene imagwira ntchito ya eriyo, ndiye popanda kuilowetsa mumangomva phokoso.

Zilembo za IP zolembedwa pambali n'zofunika kuzimvetsa pang'ono. Pamakhala manambala awiri: yoyamba ndi ya fumbi, yachiwiri ya madzi. IPX4 imapirira madzi othovokera, IPX7 imapirira kumizidwa mita imodzi kwa mphindi 30, ndipo X amatanthauza kuti za fumbi sanayeze. IP67 ndiye yotsekedwa ku zonse ziwiri. Otsatsa malonda amakonda kuonetsa sipika ili m'dziwe losambira, koma mdani wathu kuno ndi fumbi. Wogwira ntchito pafupi ndi chigayo cha miyala ya golide, pamalo owotcherera zitsulo kapena m'munda wa thonje nthawi yokolola ayenera kuyang'ana nambala yoyambayo. Maginito amakoka tizitsulo ting'onoting'ono, timene tikaunjikana pakambale mawu amayamba kusasa. Kuipa kwake n'kwakuti zotsekedwa chonchi n'zodulirapo ndipo n'zovuta kutsegula posintha batire. Sipika yokhala pakabati m'nyumba sifunika zonsezi.

Nanga zija zazikulu za matayala ndi chogwirira, zobwera ndi maikolofoni? Zili ndi ntchito yake: pamaliro, pachinkhoswe, pamsonkhano wa mpingo. Zambiri zimayendera batire la mavoti 12 la mtovu, limene limawonongeka likasiyidwa lopanda moto kwa milungu ingapo, choncho limafuna kutchajidwa ngakhale sipika isakugwira ntchito. Langizo langa n'lakuti chinthu chotere chigulidwe ndi gulu. Mabungwe othandizana pamaliro, amene makolo athu anayambitsa m'makomboni kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda abale, alipobe, ndipo bungwe lotere kapena kwaya ingathe kusonkha n'kugula imodzi yabwino yokhala ndi woisamala. Banja limodzi likafinya ndalama zake zochepa kuti ligule yaikulu, limapeza bokosi lalikulu lopepuka lokhala ndi zam'kati zofanana ndi za kasipika kakang'ono. Pa ndalama zofanana, yaing'ono yabwino imaposa yaikulu yotchipa.

Ndisaiwale makutu, amene alibe sipeya. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda chiopsezo, ndipo phokoso likangokwera ndi madesibelo 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Anyamata athu ambiri amakhala tsiku lonse pafupi ndi makompuresa ndi zigayo, makutu n'kutopa kale, madzulo n'kukolekanso sipika pakhosi ikulira pamapeto. Kulira kwa m'khutu kumene kumatsala nyimbo itazimitsidwa ndi chenjezo, ndipo kumva kukatayika mwa njira imeneyi sikubwerera. Sipika yomveka bwino imathandiza pamenepa, chifukwa mawu akamamveka simuona chifukwa chokwezera. Aneba a nyumba zogundana za m'malokesheni, amene ena amagona masana pochokera ku shifiti ya usiku, nawonso amapumako.

Chotsala ndi kumene mukagule. Ku Harare, pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Chegutu, kuli mitundu yambiri ndipo mitengo imatsikirapo, ndipo ena amatumiza achibale obwera kuchokera ku Musina kapena ku Johannesburg. Koma werengerani ndalama ya basi, ndipo kumbukirani kuti chinthu chobwera m'chikwama cha mlamu simungachiyese musanalipire ndipo simungachibweze. Shopu ya m'tauni mwanu momwemo, yokhala ndi chitseko chimene mudzachipeza mawa, ingadule ndi madola awiri kapena atatu koma mwini wake mungamuyang'ane m'maso. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya dzina loona ingakhale yabwino, bola mudziwe kuti batire lake latopa ndipo mutsimikize kuti wogulitsayo ndi mwini wakedi. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2019, koma lamulo limathandiza munthu amene ali ndi umboni. Pemphani lisiti lolembedwa tsiku, dzina la sipika, mtengo ndi masiku amene mungaibweze ikavuta. Mukafika kunyumba itchajeni mpaka idzaze, muilize voliyumu ili pakati mpaka ithe, muone maola ake masiku obwezerawo asanadutse.

Kwa banja la ku Kadoma kapena ku Chegutu lokhala ndi ndalama zochepa, ine ndingasankhe sipika yapakati kukula kwake, yolemera m'manja, ya dzina lake lenileni, ya mawati a RMS pakati pa 10 ndi 20, yotchajira pa USB-C, yowerenga memole khadi ndiponso yogwira FM, imene mawu a munthu amamveka bwino voliyumu ili pakati. Ndalama zikapereweza, dikirani mwezi wina m'malo mogula feki. Ndipo wogulitsa akakana kuti muiyese ndi foni yanu, kapena akakana kulemba lisiti, bwezani madola anu m'thumba mupite pashopu ina.